Mafunso a Owerenga: Kuzungulira Iceland pa Galimoto Yoyendetsa Nokha

FUNSO: Ine ndi mayi akunyumba takhala ku Johannesburg kuno zaka 12, ndipo chaka chamawa tikwanitsa zaka 20 tili m'banja. Takhala tikusunga kandalama kuti tikaone dziko la Iceland, ndipo tikufuna tikatenge galimoto ya hayala n'kuzungulira chilumba chonsecho patokha. Ndamva kuti msewu wake ndi wa makilomita pafupifupi 1,300, ndipo ine ndayendetsapo kuchokera kuno mpaka ku Cape Town, komanso kangapo konse mpaka ku Lilongwe kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Tchuthi changa chimakhala mu December, ndipo tingakhaleko masiku asanu. Kodi zingatheke? Bambo a ku Rosettenville.

YANKHO: Bambo, tikuyamikireni inu ndi mayi chifukwa cha zaka 20 zimenezo, ndipo ulendowu ndi wotheka ndithu. Komabe sitikubisirani kuti mwezi umene mwasankha ndiponso masiku amene mwapatula sizikugwirizana ndi ulendo umene mukuufuna.

Zimene munamva za msewu ndi zoona. Msewu wa Route 1, umene alendo amautcha Ring Road, ndi wa makilomita opitirira pang'ono 1,300, ndipo unalumikizana kukhala wozungulira mu 1974 atamaliza mlatho wa pamtsinje wa Skeiðará kumwera kwa dzikolo. Ndi waufupi kuposa N1 yochokera kuno kukafika ku Cape Town, ndipo chilumba chenichenicho, cha masikweya kilomita 103,000, n'chocheperapo kuposa Malawi. Manambala amenewa ndiwo amanamiza madalaivala ozolowera misewu yathu. Pa N1 munthu amathamanga 120 mtima uli m'malo, koma ku Iceland malire ndi makilomita 90 pa ola pamsewu wa phula, 80 pamsewu wa miyala ndi 50 m'matauni, ndipo msewuwo pafupifupi monse ndi wa mizere iwiri yokha, wopanda malo okwanira opatukira m'mbali.

Vuto lalikulu la December ndi mdima. Pamene kuno dzuwa limakhala likuswa mtengo, ku Reykjavík, likulu la Iceland, masiku oyandikira 21 December limatuluka itadutsa 11 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana, kutanthauza maola anayi okha a kuwala. Mungayendetse tsiku lonse mumdima, pamsewu woterera ndi madzi oundana, n'kudutsa mapiri ndi mathithi amene munalipirira ndalama zambiri osawaona n'komwe. Kum'mawa ndi kumpoto kwa chilumbacho zigawo zina za msewu zimatsekedwa kukagwa chipale chofewa chambiri kapena kukawomba mphepo yamkuntho, ndipo munthu wa masiku asanu akatsekeredwa tsiku limodzi ku Egilsstaðir, tauni ya kum'mawa, ndege yobwerera imamusiya. Luso limene munalipeza pamsewu wa Tete ndi lenileni, koma ndi luso lolimbana ndi kutentha, maenje ndi mathiraki, osati ndi galimoto imene ikutsetsereka yokha inu mutaponda buleki.

Malangizo athu ndi akuti mupemphe tchuthi cha pakati pa June ndi August, ndipo mupatule masiku 10, kapena 8 ngati zavutitsitsa. Chakumapeto kwa June dzuwa limakhala kumwamba maola pafupifupi 21, moti simuthamangitsana ndi usiku. Musaganize kuti kumatentha: mu July ku Reykjavík kumakhala madigiri 11 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kamvula kamphepo konga chiperoni cha ku Thyolo kamabwera nthawi ina iliyonse. Majekete amene mumavala kuno mu June mutenge, muwonjezerepo chovala chosalowa madzi. Ngati kuntchito akaniratu kusintha tchuthi, pitani mu December momwemo koma musazungulire. Khalani ku Reykjavík, muziyenda maulendo afupiafupi a kumwera, makamaka ndi madalaivala akomweko, ndipo mwina mudzaona kuwala kobiriwira kumene kumavina kumwamba usiku, kumene m'chilimwe sikuoneka.

Tsiku loyamba musadzipanikize. Ku Iceland amayendetsa kumanja kwa msewu kuyambira pa 26 May 1968, pamene ife ku Malawi ndi kuno tinazolowera kumanzere. Chiwongolero chidzakhala kumanzere, magiya mudzasintha ndi dzanja lamanja, ndipo pa raundabauti mudzazungulira mosemphana ndi mmene thupi lanu likufunira. Ngozi imabwera kawirikawiri pamene munthu akutuluka pomwetsera mafuta msewu uli zii, dzanja n'kubwerera lokha ku mbali yakale. Tengani galimoto ya otomatiki ngakhale ikwere mtengo pang'ono, ndipo mayi akhale okukumbutsani pa mphambano iliyonse. Kuchokera ku bwalo la ndege la Keflavík kukafika ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo mtunda umenewo ndi wokwanira kwa munthu amene wagona mundege usiku wonse.

Mukayamba ulendo, yambirani ku Þingvellir, kumene nyumba ya malamulo ya Alþingi inayambira kukumana m'chaka cha 930, kenako ku kasupe wa Strokkur amene amalavula madzi otentha m'mwamba pakapita mphindi zochepa zilizonse, ndi mathithi a Gullfoss. Kumwera kudzakudyerani nthawi yambiri, ndipo n'koyenera kutero. Pa Seljalandsfoss pali kanjira kodutsa kuseri kwa madzi akugwa kuchokera mamita 60, ndipo mumatulukako mutanyowa mpaka masokosi. Pafupi ndi Vík pali gombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, ndipo apa tikuchenjezeni mwamphamvu: mafunde ake amaoneka ofatsa, kenako limodzi limathamangira kumtunda kuposa anzake onse, ndipo alendo angapo anakokedwa n'kufera pomwepo akujambula zithunzi. Musafulatire nyanjayo, ndipo mverani zikwangwani zochenjeza. Kutsogolo kuli Jökulsárlón, nyanja imene mumayandama zibuma za madzi oundana zothothoka ku chimulu chachikulu cha madzi oundana cha Vatnajökull. Mukadutsa Höfn msewu umakhotakhota m'magombe a kum'mawa, kenako mumafika ku nyanja ya Mývatn, ku mathithi a Goðafoss ndi ku tauni ya Akureyri. Musanalowe mu Akureyri pali msewu woboola phiri wa Vaðlaheiði umene ndi wolipira, ndipo malipirowo amachitika pa intaneti chifukwa palibe geti ngati za pa N3.

Pali zinthu zina za pamsewu zimene simunazolowere. Magetsi a galimoto amayenera kuyaka usana ndi usiku. Mukaona chikwangwani cholembedwa "Einbreið brú", dziwani kuti kutsogolo kuli mlatho wodutsa galimoto imodzi, ndipo amene wayamba kufika ndiye amadutsa. M'chilimwe nkhosa zimayenda momasuka ngati mbuzi za pamsewu wa M1 ku Malawi, ndipo mukaona mayi wake tsidya lina, kamwana tsidya lina, chepetsani liwiro chifukwa kamwanako kadzadumphira mumsewu. Potsegula chitseko gwirani ndi manja awiri, chifukwa mphepo yakumeneko imachikankha mpaka kupinda mahinjesi, ndipo inshulansi zambiri sizilipira zimenezo. Pobwereka galimoto funsani za inshulansi ya miyala yothothoka pamsewu komanso ya mchenga ndi phulusa. Misewu yoyamba ndi chilembo F ndi ya kumapiri, imafuna galimoto ya 4x4, ndipo paulendo wanu simuifuna. Kuyendetsa kunja kwa msewu n'koletsedwa ndi lamulo. M'mawa uliwonse onani nyengo pa vedur.is ndi machenjezo pa safetravel.is, makamaka poti chigawo cha Reykjanes chakhala chikuphulika chiphalaphala kuyambira 2021. Nambala ya zangozi ndi 112.

Mafuta mumathira nokha, ndipo malo ambiri akumidzi alibe wantchito, choncho khalani ndi khadi la kubanki lokhala ndi PIN ndipo musalole thanki kutsika pansi pa theka kum'mawa ndi kumpoto. Chakudya cha m'malesitilanti n'chodula kwambiri kwa munthu wolandira ma rand. Gulani zophika m'masitolo a Bónus kapena Krónan, ndipo malo ogona muwasungitse miyezi ingapo nthawi isanakwane chifukwa m'chilimwe amadzaza msanga.

Za mapepala, Iceland ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho pasipoti ya Malawi imafuna viza, pamodzi ndi inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Poti mukukhala kuno, adzafuna kuona chilolezo chanu chokhalira mu South Africa chili chosatha. Kuchokera ku OR Tambo palibe ndege yolunjika ku Keflavík, ndipo n'kwapafupi kusinthira ku Amsterdam, Frankfurt kapena Paris kusiyana ndi ku London, chifukwa Britain ili ndi malamulo akeake a anthu ongodutsa. Laisensi yanu ikhale yosatha, ndipo mufunse kampani ya hayala musanalipire ngati ikufunanso chiphaso choyendetsera m'mayiko ena, chimene kuno chimapezeka ku bungwe la oyendetsa galimoto la AA.