Dialysis ya pamimba kunyumba: yankho kwa achemwali a ku Leicester

Achemwali, pepani ndi matenda a bambo. Mwati impso zawo zafooka, alinso ndi shuga, ndipo a kuchipatala akuuzani musankhe pakati pa makina a kuchipatala ndi dialysis (kusefa magazi m'malo mwa impso) ya pamimba yochitira kunyumba, ija amati PD. Mantha anu ndi akuti m'nyumbamo mulibe nesi, ndiye mwina bambo angakufereni m'manja. Ndiyankha pagulu pano osati ku inbox, poti alipo ena akuwerenga chamumtima. Abambo akunyumba kwanga ali pa PD kwa zaka zingapo tsopano kuno ku England, ndiye ndikamba za m'nyumba.

Za unesizo musade nazo nkhawa. M'mimba muli kachikopa kopyapyala kokuta matumbo, kodzaza timitsempha ta magazi, ndipo ndi komwe kamagwira ntchito yosefa. Madokotala amaika kapaipi kofewa pamimba, chakumunsi kwa mchombo, kokhala pomwepo nthawi zonse. Mumalowetsa madzi apadera okhala ndi shuga, kawirikawiri malita 2, n'kuwasiya maola 4 mpaka 6. Zoipa za m'magazi zimawolokera m'madziwo, shuga uja n'kukoka madzi amene impso zalephera kutulutsa. Mukakhuthula akale mumalowetsa atsopano. Palibe singano, magazi satuluka m'thupi. Ena amachita pamanja kanayi patsiku, mphindi 30 kapena 40 ulendo uliwonse. Ena amalumikiza kumakina aang'ono a pambali pa bedi, amene amagwira okha maola 8 mpaka 10 munthu ali mtulo. Yakuchipatala ija ndi katatu pasabata, maola 4 pampando, kuphatikiza ulendo ndi kutopa kwake. Kapaipi akakaika amadikira masabata ngati awiri kuti bala lipole, kenako amakuphunzitsani kwa masiku angapo mpaka manja atazolowera.

Kuzolowerako ndiye poopsa pake. Miyezi yoyamba aliyense amasamba m'manja mpaka m'zigongono chifukwa cha mantha. Ikatha miyezi sikisi munthu amalumikiza foni ili kukhutu, zenera lili pululu, manja atangowanyowetsa. Matenda a m'mimba aja amati peritonitis amalowera pamenepo. Mukavula kachivindikiro kakunsonga kwa paipi, kwa masekondi ochepawo njira yolowera m'mimba mwa bambo ili yotsekula. Ndiye chitseko ndi mawindo zitsekedwe, fani azimitsidwe, tebulo lipukutidwe, manja asambidwe ndi sopo n'kuumitsidwa bwinobwino ndi tishu, osati thaulo la banja lonse la m'bafa lija. Manja onyowa amanyamula tizilombo kuposa ouma. Nsonga ija ikangokhudza chala, malaya kapena nsalu ya pabedi, tsekani paipi, musalowetse madzi, imbani foni kwa anamwino a PD. Musapukute n'kupitiriza ngati sipanachitike kanthu. Iwo amasintha kachidutswa kakunjako, nthawi zambiri n'kuperekanso mankhwala otchinjiriza, ndipo palibe amene amakukalipirani.

Thumba lililonse la madzi otuluka liziyang'anidwa lisanakhuthulidwe m'chimbudzi. Madzi abwino ndi achikasu pang'ono koma oyera mbee, moti mukaika nyuzipepala kunsi kwa thumba zilembo zimawerengeka. Akatuluka a mbuu ngati madzi otsukira mpunga, imbani ola lomwelo ngakhale ikhale 2 koloko usiku, kaya bambo akumva kupweteka kaya ayi, ndipo thumbalo munyamule popita, akaliyeza. Akuluakulu athuwa amakonda kunena kuti tione kaye mawa, n'kumwa Panado. Apa musawamvere. Peritonitis yogwidwa msanga amaichiza ndi mankhwala othira m'matumba momwemo kwa masabata awiri kapena atatu, nthawi zambiri munthu ali kunyumba. Yochedwa imagoneka munthu m'chipatala, kapaipi n'kuchotsedwa, ndipo ikamabwerezabwereza kachikopa kaja kamawonongeka. Nthawi zina mudzaona tiulusi toyera tikuyandama m'madzi oyera bwino. Timeneto amati fibrin, si mafinya, koma auzeni anamwino chifukwa timatha kutseka paipi. Pamene kapaipi kamatulukira pakhungu pazitsukidwa monga akuphunzitsireni, pakafiira kapena kutuluka mafinya ndi foninso. Shawa ndi yololedwa, kudzinyika m'bafa ayi.

Chinthu chimene anthu sachiyembekezera ndi kudzimbidwa. Matumbo akadzaza amakankha kapaipi, madzi satuluka bwino, makina n'kuyamba kulira pakati pausiku. Mudzadzuka, kuwongola paipi, kuwauza bambo atembenuke kapena akhale tsonga, kugonanso, kenako alamu ina. Kawirikawiri vuto si makina, ndi m'mimba. Mapiritsi ena a impso amaumitsa m'mimba, madzi akumwa n'ngoyeza, nsima nayo ndi ija. Mankhwala ofewetsa m'mimba amene adzapatsidwe azimwa tsiku ndi tsiku, asadikire kuti zivute. Mwana wamkazi kufunsa bambo ake ngati apita kuchimbudzi n'kochititsa manyazi kwathu, ndikudziwa, ndiye ntchito imeneyo apatseni mayi kapena achimwene.

Tsopano za abale ndi alendo, poti apa ndi pamene ife Amalawi timavutika. Tikamva kuti wina wadwala timapita kukazonda, ndipo timalowa mpaka kuchipinda. Amayi a kumpingo abwera asanu, nyimbo yayamba, nthawi yosintha thumba yakwana, bambo akuchita manyazi kuwatulutsa. Inuyo ndiye mukhale wouma mtima. Alendo akhale pabalaza, mapemphero achitikire konko, kuchipinda munthu asalowe mpaka bambo atamaliza. Adzukulu chimodzimodzi. Ngati muli ndi mphaka asayandikire n'komwe chipindacho, amphaka amaluma mapaipi a makina ndipo m'kamwa mwawo muli tizilombo toyambitsa peritonitis. Alendo omwewo adzabwera ndi ufa wa chammwamba, aloe vera, mizu yotumizidwa kuchokera kumudzi, aliyense ndi umboni wake wa munthu amene anachira. Landirani ndi manja awiri, thokozani, koma bambo asamwe. Impso zofooka sizitha kutulutsa zambiri za m'zitsambazo. Brufen ndi diclofenac nazonso ayi. Ngati bambo akukodzabe ngakhale pang'ono, kamkodzo kameneko n'kamtengo wapatali, kamachititsa kuti dialysis iyende bwino ndiponso kuti asamaumirizidwe kwambiri pa zakumwa, ndipo mankhwala amenewa amakapha.

Makatoni adzakudabwitsani. Malita 2 kanayi patsiku ndi malita 8, pamwezi 240, kutanthauza makilogalamu oposa 240 a madzi okhaokha, osawerengera mapaipi, tizivindikiro ndi zopukutira. Galimoto imabweretsa pakhomo ndipo simulipira, zonse ndi za NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, koma malo ake ndi anu. Pafunika pouma, posazizira kwambiri, choncho garaja ya m'nyengo yachisanu siyoyenera. Ngati nyumba ndi yaing'ono auzeni poyambirira, amatha kumabweretsa pang'onopang'ono. Bambo asamanyamule makatoniwo, mimba yodzaza madzi ikamakakamizidwa pamatuluka chotupa pamchombo kapena chakumunsi, chija amati hernia. Thumba lozizira limapweteka polowa, ndiye limatenthetsedwa pa kachipangizo kake kamene amapereka. Osaliviika m'madzi otentha, osaliika mu microwave.

Poti bambo ali ndi shuga, pali zina zoti mugwiritsitse. Shuga wa m'matumba uja wina amalowa m'magazi, ndiye mlingo wa insulin kapena mapiritsi umasinthidwa, ndipo ambiri amanenepa. Matumbawo ali ndi mphamvu zosiyana. Bambo akatupa miyendo amauzidwa kugwiritsa ntchito thumba lamphamvu, lokhala ndi shuga wambiri, koma lamphamvulo likachuluka limatopetsa kachikopa kaja msanga. Chimene chimayambitsa zonsezi ndi mchere. Mchere ubweretsa ludzu, ludzu libweretsa madzi, madzi afuna thumba lamphamvu. Ndiye chepetsani mchere m'ndiwo, ma cube okometsera aja, ngakhale soda wa m'therere. Musathawire ku LoSalt, mchere wolowa m'malo mwa wamba uja, muli potassium wambiri amene impso zofooka zimavutika kutulutsa. Palinso thumba lina lotchedwa icodextrin, lokhalitsa m'mimba maola ambiri, limene limanamiza timakina tina toyezera shuga n'kumaonetsa kuti shuga wakwera pamene sanakwere. Munthu akhoza kudzibaya insulin yambiri n'kukomoka. Tengani kamakina ka bambo mukawaonetse anamwino atsimikize kuti n'koyenera.

Kumbali ya chakudya PD ndi yomasukirapo kuposa yakuchipatala, makamaka pa zipatso ndi masamba, chifukwa kusefa kumachitika tsiku lililonse. Koma madzi otuluka aja amapita ndi zomanga thupi, ndiye mazira, nkhuku ndi nsomba zisamasowe, ngakhale bambo azinena kuti mimba yadzaza kale. Chowawa n'chakuti usipa ndi matemba, zodyera limodzi ndi minga zake, zili ndi phosphate wambiri, nsinjiro ndi zakumwa zakuda za kola chimodzimodzi. Phosphate akachuluka thupi limayabwa ndipo mafupa amafooka. Mapiritsi ake amamwera pachakudya pomwepo, osati patapita ola. Mukakumana ndi dietitian, katswiri wa zakudya, mufotokozereni zimene timadyadi kwathu, apo ayi adzakupatsani pepala la zakudya zimene bambo sanazilawepo. M'mawa uliwonse sikelo, BP, n'kulemba m'kabuku pamodzi ndi kuchuluka kwa madzi otuluka. Kulemera kukakwera mwadzidzidzi m'masiku awiri atatu, amenewo ndi madzi, si mnofu.

Wochita dialysis akhale bambo eni ake ngati maso ndi zala zikulola, poti shuga amawononga zonse ziwiri. Munthu wamkulu akamachitiridwa chilichonse amafooka mtima. Ngati sangathe, funsani za assisted PD, pamene wachipatala amabwera kunyumba kudzakonza makina. Ndipo musaphunzire nokha achemwali, wina wachiwiri aphunzire nawo, chifukwa matendawa alibe Sabata kapena Khirisimasi, ndipo inunso mudzadwala chimfine tsiku lina. Mathalauza adzathina, kapaipi kadzawachititsa manyazi poyamba. Za m'banja zimatheka ndithu, koma izo apatseni mpata akafunse okha kwa anamwino inu mutatuluka panja.

Zopita ku Malawi n'zotheka koma si zodzidzimukira. Madzi aja sangakwane m'sutikesi, ayenera kukonzedwa ndi a chipatala miyezi ingapo ulendo usanachitike, ndiye uthenga wa maliro ukabwera lero, bambo sangakwere ndege mawa. Zimenezi zimawawa, ndi bwino azimve pano. Ngati adzakhale pa makina ausiku aphunzirenso yapamanja, magetsi a kwathu mukuwadziwa. Kunyanja akaone ndi maso, osasambira. Anyamule kalata ya dokotala, ndipo mudziwiretu kuti odziwa za impso ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre, osati kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Kuno, lembetsani nyumba yanu pa Priority Services Register, mndandanda wa ofunika thandizo lapadera magetsi akazima, kudzera ku kampani yanu ya magetsi, funsani anamwino za kubwezeredwa ndalama ya magetsi a makina, ndipo a Kidney Care UK, bungwe lothandiza odwala impso, amathandiza pa uphungu ndi za ndalama.

PD si yamuyaya. Pakapita zaka kachikopa kamatopa, ambiri amasamukira ku makina a kuchipatala kapena amalandira impso ina, ndiye funsani kuyambira pano ngati bambo angayezedwe zolowa pamndandanda wodikira impso. Kusankha kwa lero kukhoza kusinthidwa. Mmene ndikuonera ine, ngati bambo akukodzabe, malo m'nyumba alipo, ndipo iwowo akufuna, yambani ndi PD. Ngati anachitidwapo maopaleshoni akuluakulu a pamimba dokotala adzanena yekha. Koma ngati bambo sakufuna kuona chipatala m'chipinda mwawo, musawakakamize chifukwa choti inu zikukupepukirani, munthu wokakamizidwa ndi amene amadumpha kusamba m'manja. Musanayankhe a chipatala, pemphani tsiku loti mupite ndi bambo ndi mayi kwa anamwino a PD, akagwire thumba ndi kapaipi ndi manja awo, ndipo ngati n'kotheka akacheze ndi wodwala wina amene akuchita kale.