Mwana Wanga Akutizidwa ku Sekondale: Ndimusamutse Kapena Ndikhale Chete?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko ndipo anayamba Fomu 1 teremu yapitayi. Atabwera kutchuthi ndinaona kuti waonda, komanso bulangete, ndowa ndi nsapato zimene tinamugulira zinalibe mu chikwama chake. Poyamba anati zinabedwa, koma nditamufunsa modekha anaulula kuti anyamata a Fomu 2 ndi Fomu 3 ndiwo anamulanda, amamuchapitsa zovala zawo, amamudzutsa pakati pa usiku kuti avine, ndipo tsiku la nyama amamusiyira nsima yokhayokha. Akundiletsa kukanena kwa aphunzitsi poopa kumenyedwa. Bambo ake akuti uku ndi kutiza chabe, nawonso anadutsamo, ndipo mwamuna amakhwima motero. Kodi ndichite chiyani? Ndine mayi wodandaula, ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, pepani chifukwa cha zimene mwana wanu wakumana nazo, ndipo mwachita bwino kumufunsa modekha, pakuti ana ambiri amatha zaka zinayi za sekondale osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe.

Tiyambe ndi mawu a bambo, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona vuto lonse. Liwu lakuti kutiza limachepetsa nkhani n'kuisandutsa ngati masewera, koma tikazitchula zinthuzi ndi mayina ake enieni tipeza kuti kulanda bulangete ndi umbava, kumana mwana chakudya ndi kumusowetsa tulo ndi nkhanza, ndipo kumuopseza kuti akamenyedwa akaulula ndi mlandu wina paokha. Bambo akamati nawonso anadutsamo akunena zoona, koma iwo akuwerenga okhawo amene anapirira. Amene anathawa sukulu, amene anayamba kulephera m'kalasi, ndi amene anakula ndi mantha mpaka lero samawawerenga. Akumbutseni mwaulemu kuti mnyamata wa Fomu 2 amene akuchapitsa mwana wanu lero nayenso ankachapa za ena chaka chatha, ndipo mawu amene akudziwiringula nawo ndi omwewo akuti "nafenso tinadutsamo". Mukakhala chete, chaka chamawa mwana wanuyo akhoza kukhala amene akulanda ndiwo za mwana wa mnzanu.

Malamulo a dziko lino ali kumbali yanu. Gawo 23 la Malamulo Aakulu limateteza ana ku mchitidwe uliwonse wosokoneza maphunziro awo kapena wowononga thanzi ndi maganizo awo, ndipo kuyambira mu 2017 aliyense wosakwana zaka 18 amawerengedwa kuti ndi mwana. Palinso lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Mwana akakhala m'chipinda chogona cha pasukulu, amene alowa m'malo mwa inu ndi aphunzitsi, kotero simukupempha chifundo mukawafunsa kuti amuteteze.

Mantha a mwana wanu, komabe, musawanyoze, pakuti inu mukadandaula mudzabwerera kwanu, pamene iye adzagona m'chipinda chomwecho usiku womwewo. Choncho musapite kusukulu mobisa kwa iye, ndiponso musakafike mukukalipa pabwalo kapena kufunafuna anyamatawo kuti muwadzudzule nokha. Khalani naye pansi, mulembe pamodzi zimene zinachitika, masiku ake, malo ake, katundu wolandidwa ndi mayina a amene anaona. Ndi kalata imeneyo kakumaneni ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mphunzitsi woyang'anira ogonera, ndipo mufunse zinthu zomveka: kuti mwana asamutsidwe chipinda tsiku lomwelo, kuti kafukufuku achitike ngati wokhudza ana onse a Fomu 1 osati dandaulo la mwana mmodzi, ndiponso kuti akuuzeni tsiku lodzamva zotsatira. Sungani kalata ina yofanana nayo. Ngati mukudziwana ndi makolo ena a Fomu 1, afunseni, chifukwa kawirikawiri wozunzidwa sakhala mmodzi, ndipo nkhani yobwera ndi makolo asanu kudzera ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi siikwiririka msanga.

Sukulu ikazengereza, pitani ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu, imene imayang'anira masekondale. Ngati mwana wavulazidwa kapena wagwiridwa malo obisika, zimene anyamata amachita manyazi kwambiri kuulula, imeneyo si nkhani ya chilango cha pasukulu ayi: pitani naye kuchipatala ndi kupolisi, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Mungathenso kuimba mwaulere nambala ya 116, ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa, ndipo mwanayo aisunge pamtima.

Kumusamutsa kukhale kotsiriza, pokhapokha ngati moyo wake uli pachiswe, chifukwa malo anawapeza ndi thukuta lake pamayeso a Sitandade 8, ndipo si wolakwiridwa amene ayenera kuchoka.

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Mangochi. M'kalasi mwanga muli mtsikana wachialubino amene anzake amamutcha mayina onyoza ndipo amakana kukhala naye desiki imodzi. Ndawalanga kangapo koma sakusiya. Ndingatani?

Yankho: Aphunzitsi, chilango chimaletsa mwana kunyoza pamaso panu, koma sichichotsa zimene anamva kunyumba, ndipo mayina amenewo ana sanawapeke okha. Patulani nthawi m'kalasi, mutagwirizana kaye ndi mtsikanayo ndi makolo ake, mufotokoze momveka kuti chialubino ndi chibadwa chochokera kwa bambo ndi mayi omwe, sichipatsirana pokhudzana, ndipo kusiyana kwake ndi khungu losapirira dzuwa ndi maso osaona patali. Mukhazikeni kutsogolo kuti aziona bwino pabolodi, ndipo musankhe ana awiri kapena atatu amene anzawo amawamvera kuti azikhala naye ndi kuyenda naye popita kwawo, zimene zimamutetezanso panjira. Onyoza amakula mtima akaona anzawo akuseka, motero gwirani ntchito kwambiri ndi oseka ndi oonerera kuposa ndi mtsogoleri wawo. Nkhaniyi muifikitsenso ku komiti ya sukulu, kwa amayi a Mother Group ndi kwa a mfumu, kuti makolo a ana onyozawo aitanidwe ndipo amve kuchokera kwa anthu amene amawapatsa ulemu. Mtsikanayo akayamba kujomba, musadikire sabata yathunthu. Pitani kwawo tsiku lachiwiri mukamve chimene chamuletsa kubwera.