Funsani Makaniko: Geji ikukwera n'kutsika chisinthireni paipi

FUNSO: A Makaniko, ndili ndi Toyota Sienta yakale ya injini ya 1.5. Sabata yatha paipi ya pamwamba pa rediyeta inaphulika, anandiikira ina n'kuthira madzi. Chiyambire tsikulo, ndikaima pamdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe, geji ya kutentha kwa injini imakwera kufuna kufika pofiira, kenako n'kutsika yokha. Kuseri kwa dashibodi kumamvekanso madzi akuyenda. Kodi injini yatha? Mayi wa ku Area 25

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Zizindikiro mwatchulazi zikuloza ku mpweya umene unatsekeka m'njira za madzi pomwe ankathira mothamanga. Wotapampu imakankha madzi, koma ikakumana ndi mpweya imangozungulira pachabe. Mpweyawo umakhala malo okwera, mu hedi (chigawo cha pamwamba cha injini) ndi mu hita, ndipo pamene wakhalapo chitsulo chimatentha chopanda choziziritsa. Geji ikuvinavina chifukwa sensa yake mwina ikukhudza madzi, mwina nthunzi. Musayendenso nayo mpaka mpweyawo utatuluka, chifukwa hedi ya aluminiyamu sichedwa kupindika.

Ntchitoyi ichitike m'mawa injini ili yozizira. Chivindikiro cha rediyeta yotentha musachitsegule: madzi amatumphuka n'kuwaula nkhope ndi manja. Imikani galimoto pachitunda kutsogolo kuli kumtunda, kuti kukamwa kwa rediyeta kukhale pamwamba pa zonse. Tembenuzirani hita kotentha kwambiri, fani yake ikhale yotsika, AC yozimitsa.

Dulani kunsi kwa botolo la pulasitiki la malita 2, mukulunge tepi kukamwa kwake mpaka lithine pakamwa pa rediyeta osadontha, litazondoka ngati fanelo. Thirani pang'onopang'ono kufikira madzi ataima m'botolomo pafupifupi theka. Injini za 1.3 ndi 1.5 zikakhala zouma zimamwa malita pakati pa 4 ndi 6. Kulanti (madzi a mankhwala oziziritsira injini) wofunika kusungunula msakanizeni theka kwa theka ndi madzi a batire, aja osasakaniza ndi asidi. Wa pinki wa Toyota amabwera wosakaniza kale. Madzi a pamjigo ayi, amasiya mchere ndi dzimbiri m'timapaipi ta rediyeta.

Lizani injini, muisiye ilire yokha. Finyani paipi ya pamwamba kangapo, manja atalikire fani ndi lamba. Muona thovu likukwera m'botolo. Pakapita mphindi 10 mpaka 20, themositati (kavalavu kamene kamalola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha) imatseguka, pa injini imeneyi ndi pafupifupi madigiri 82, ndipo madzi amatsika mwadzidzidzi. Onjezerani msanga botolo lisaume, apo ayi mwalowetsanso mpweya wina. Pondani akiseleta mpaka injini izizungulira ka 2,000 kapena 2,500 pa mphindi kwa masekondi 20, n'kusiya, mobwerezabwereza.

Apa ndi pamene ambiri amafulumira kutseka boneti. Dikirani fani ya rediyeta ilire n'kuzima kawiri, mapaipi onse awiri atenthe, hita itulutse mpweya wotentha, thovu lithe. Mukatero zimitsani, idikireni izizire, tsekani chivindikiro, ndipo kathanki kapambali kakhale pakati pa LOW ndi FULL. Mawa lake m'mawa onaninso, popeza injini ikamazizira imakoka madzi m'kathankimo. Amene galimoto zawo zili ndi kasikuluu kotulutsira mpweya pafupi ndi themositati kapena pa paipi, akamasule pothira mpaka patuluke madzi okhaokha opanda thovu. Kulanti wotayika mumukolope, amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Chivindikiro chomwecho chiyang'aneni. Pamwamba pake palembedwa 0.9 kapena 1.1, mlingo umene chimapanikizira madzi; mugule cha nambala yomweyo ngati labala yake yang'ambika. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, kotero madzi osapanikizidwa amawira asanafike madigiri 100. Chivindikiro chotha chimabweza vutoli m'kutentha kwa Okutobala.

Koma thovu likangotuluka osaleka kwa theka la ola, makamaka mukaponda akiseleta, umenewo ndi utsi wochokera m'masilinda kudzera pa gasiketi ya hedi yopsa. Onani ngati ekizozi ikutulutsa utsi woyera wosatha, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Zikatero pitani kugalaja akayeze kompuresheni, kuthira madzi sikungathandize.

FUNSO: Wina ku Biwi wandiuza kuti ndingochotsa themositati, galimoto isiya kuboila. N'zoona? Dalaivala wa ku Kawale

YANKHO: Achimwene, musalole. Mukaichotsa injini imachedwa kutentha, kompyuta imathira petulo wambiri poganiza kuti kukadali kozizira, ndipo mapisitoni amatha msanga, chikhalirecho chimene chimaboilitsa galimotoyo chili pomwepo. Ngati mukuikayikira, iviikeni m'poto wa madzi pamoto: yabwino imatseguka madzi asanawire. Yakanika, gulani ina, ndipo poika, kabowo kake kakang'ono kotulutsira mpweya kayang'ane kumwamba.