PhD ya zachuma kunja: yankho kwa achemwali a ku Ulónguè

Achemwali ena a ku Ulónguè m'chigawo cha Tete ku Mozambique anditumizira imelo. Ali ndi mestrado (digiri ya masters) ya gestão (kayendetsedwe ka bizinesi), amagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo mtima wawo uli pa doutoramento (PhD) ya economia (zachuma) kapena gestão kunja kwa dziko. Akufunsa kuti ayambire pati, komanso ngati n'kwanzeru kuvomera kuti bambo awo agulitse ng'ombe kuti alipirire chaka choyamba.

Achemwali, ng'ombezo zisiyeni m'khola. PhD ku Ulaya imatenga zaka 3 kapena 4, ku America ya economia imafika zaka 5 kapena 6. Ndalama ya ng'ombe idzatha chaka choyamba chisanathe, inu n'kusowa mtengo wogwira kudziko la eni, uku kumudzi mulibenso zolimira. Sukulu yomwe ikukufunanidi imakupezerani bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro) yolipira fizi, ndalama yapamwezi ndi zachipatala. Ikakulandirani popanda zimenezi, yankhani mwaulemu kuti muyesanso chaka chamawa.

Makomo a bolsa alipo. Kwa ife ophunzira m'Chipwitikizi, apafupi ndi a ku Portugal, kudzera ku bungwe la boma la Camões, ndi a ku Brazil, kudzera ku pulogalamu ya boma ya PEC-PG. Kuno kwathu muziyang'ana zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo, bungwe la boma loona za bolsa. Ambiri amaiwala kuti Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, choncho bolsa za Commonwealth zokachitira PhD ku UK zimatikhudza nafenso. Bolsa ina ya ku UK yotchedwa Chevening musatayirepo nthawi, imeneyo ndi ya mestrado ya chaka chimodzi basi. Koma khomo lomwe ndimalikonda kwa munthu wa economia ndi la AERC, bungwe la kafukufuku wa zachuma la ku Nairobi lomwe linayamba mu 1988. Lili ndi pulogalamu ya PhD yoyendetsedwa pamodzi ndi mayunivesite a mu Africa muno, monga a Cape Town ndi Dar es Salaam. Kumeneko simudzavutika kufotokozera aphunzitsi chifukwa chomwe mlimi amagulitsira chimanga chake motchipa pokolola n'kudzachigulanso modula m'Januwale.

Mwalemba economia ndi gestão ngati chinthu chimodzi, koma njira zake n'zosiyana. PhD ya economia masiku ano ndi masamu: calculus, algebra, statistics, econometrics (kuyeza nkhani za chuma ndi manambala), ndi mapulogalamu a pakompyuta monga Stata kapena R. Ku America zaka ziwiri zoyambirira zimathera m'kalasi pa zimenezi, ndipo sukulu zambiri zimafuna mayeso a GRE musanalowe. Ngati mestrado yanu inalibe econometrics yozama, muvomereze kuti mwina mufunika mestrado ina ya economia kapena chaka chokonzekera. Si manyazi ayi. Ya gestão imalola kafukufuku wocheza ndi anthu, kukhala m'kampani kapena m'bungwe la alimi n'kumaona mmene zinthu zimayendera, ngakhale nayonso manambala simungawathawe.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muigwiritse. Pulofesa wa ku Lisboa kapena Copenhagen amalandira makalata ambirimbiri a anthu onena kuti akufuna kufufuza "chitukuko cha Africa". Makalata otere sayankhidwa. Chomwe inu muli nacho, chomwe anzanu a kumeneko alibe, ndi funso lochokera pakhomo panu, ndipo chigawo cha Tete n'chodzaza ndi mafunso.

Taganizirani za fodya. Mlimi wa ku Angónia kapena Macanga amatenga mbewu ndi feteleza pangongole ku kampani, n'kudzabweza pogulitsa. Kaimeni naye pafupi tsiku la msika: mabelo ali pasikelo, wogula akusolola tsamba n'kutchula giredi, mlimi ali chete kuwerengera mumtima ngati patsale kanthu ngongole ikadulidwa. Kodi mgwirizano umenewu umamukweza kapena umangomumangirira? Amaganiza bwanji zogulitsa kumbali, kwa ogula ena osati kampaniyo? Ameneyo ndi mutu wa PhD wathunthu, ndipo ungalembedwe mwa economia kapena mwa gestão.

Kapena mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, yomwe imawoloka malire tsiku ndi tsiku, ogulitsa akuwerenga makwacha dzanja ili, mametikali dzanja linalo. Kwacha ikagwa, monga inagwera mu November 2023, mtengo wa thumba umasintha bwanji mbali ya kuno, ndipo amaluza ndani? Ku Moatize, kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, n'kugulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Mabanja omwe anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodiwo moyo wawo uli pati lero? Mabizinesi ang'onoang'ono a mumzinda wa Tete anapindulapo chiyani? Nanga siteshoni yopanga magetsi ya pa damu la Cahora Bassa, yomwe Mozambique inatenga gawo lalikulu la umwini wake mu 2007, magetsi ake ochuluka n'kumapita ku South Africa? Ine zimandipweteka kuti zambiri zolembedwa pa nkhani zimenezi zimalembedwa ndi alendo oyenda ndi womasulira, pamene inu mungakhale pamphasa ndi agogo n'kumva zonse m'chinenero chawo.

Funso lokha silikwanira, pamafunikanso manambala. INE, nthambi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero, imachita kafukufuku wa ndalama za m'mabanja wotchedwa IOF, ndipo muyenera kumudziwa bwino. Werengani zolemba za mabungwe a kafukufuku a IESE ndi Observatório do Meio Rural, ndi za pulogalamu ya Inclusive Growth in Mozambique, momwe UNU-WIDER, bungwe la kafukufuku wa zachuma la United Nations, ndi yunivesite ya Copenhagen amagwira ntchito ndi Universidade Eduardo Mondlane. Mayina omwe muziwaona mobwerezabwereza pa zolembazo ndiwo anthu oyenera kuwalembera. Kalata yake ikhale yaifupi: ndinu ndani, mwawerenga chiyani cha iwo, funso lanu ndi liti, manambala mudzawapeza kuti.

Chingerezi musachizengereze, ngakhale mutasankha Portugal kapena Brazil, chifukwa zolemba zambiri za economia zili m'Chingerezi. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye mulembe mayesowo nthawi yofunsira malo itayandikira.

Chenjeraninso ndi ma doutoramento a pa intaneti omwe amalengezedwa pa Facebook, olonjeza digiri msangamsanga bola mulipire. Digiri yakunja imafunika equivalência (chivomerezo cha boma chakuti ndi yofanana ndi ya kuno) mukabwera nayo kuno, choncho fufuzani kaye ngati sukuluyo ndi yovomerezeka m'dziko lake lomwe.

Mwezi uno chitani izi: sankhani funso limodzi, mulilembe pa masamba awiri, mupite nalo kwa amene anakuyang'anirani pa mestrado kuti alikhwatche, ndipo muwapemphe ngati angadzakulembereni kalata yokuchitirani umboni. Masamba awiriwo mukawakonza munditumizire, ndidzawawerenga.