Dipoziti ya chasisi yatsopanoyo igwireni kaye, ine zala ndinatsala pang'ono kuzisiya ku Abitibi

Achimwene ayi ndithu, ndalamayo igwireni kaye. Ndangowerenga pomwe mwati dila wa ma sled (snowmobile, njinga za injini zoyenda pa sinowo) wakuuzani kuti "chasisi yatsopano ikubwera, lembetsani msanga" mtima wanga wachita kuti mweee, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandiuza ine, kamwa lomwelo, kumwetulira komweko, ndi kapu ya khofi waulere. Dzina la shopuyo kapena la kampani sindinena pano, nkhani yake tinaitseka ndipo sindikufuna makalata a maloya, koma amene tinali limodzi pa braai ija ya July mukuikumbukira sled imene ndinkaonetsa zithunzi ngati mwana wobadwa kumene.

Ndinalembetsa mwezi wa March, ma spring order aja olembetseratu sled isanatuluke, chaka chimene chasisi yake, mafupa achitsulo amene sled yonse imamangidwapo, inali ikutuluka koyamba. Sindinaikwerepo, sindinaionepo ndi maso, ndinangoona vidiyo pa YouTube munthu akuuluka nayo pa phiri ndi nyimbo kumbuyo basi ine mutu unazungulira. Anati ifika November. November inadutsa. December ndikaimba foni mnyamata wa pa kauntala ankangoti ili m'njira bwana, ili m'njira, ngati basi ya ku Chitipa nthawi ya mvula. Permit ya OFSC, bungwe losamalira ma trail a sled ku Ontario, ndinali nditagula kale, inshuwalansi ndikulipira, ngongole ya ku banki yayamba kudula, anzanga akutumiza zithunzi ali mu trail ine ndili pa windo kuyang'ana sinowo akugwa pa trailer yopanda kanthu. Inafika kumapeto kwa January.

Ndiye ulendo wachitatu wokha kuikwera, tinapita ku Cochrane, kumpoto kwa Ontario, anthu awiri, ine ndi mnzanga wa ku ntchito, mdala wa kuno wolankhula Chifalansa amene anakulira pa zinthu zimenezi. Iye anali pa sled yake yakale yokanda-kanda, mpando womata ndi tepi, ndipo m'mawa pa hotela ndinamuseka kuti mdala imeneyi ikafika? Mulungu andikhululukire. Tinkazungulira njira ya ku Abitibi Canyon ija, amene munapitako mukudziwa kuti mukangodutsa Fraserdale mbali imeneyo kulibe kanthu, ndi mitengo, mawaya a magetsi ndi inu, netiweki musaiyembekezere n'komwe. Pobwerera dzuwa likupendeka, cha m'ma 4 koloko, kuja kumada msanga, ndinatuluka pang'ono m'mbali mwa trail pa kona, pang'ono chabe, ski ya kumanzere inagunda chitsa chimene chinabisala pansi pa sinowo. Liwiro linali lochepa, ndikulumbira. Chabwino mwina ndinapyola makilomita 50 pa ola aja a lamulo la ku Ontario koma ndani amayenda 50 kumtunda kuja.

Phokoso lake silinali lalikulu, linangoti "thwa" ngati mwathyola nzimbe. Ndinagwera m'sinowo mpaka m'chiuno, ndikudzuka ndikuona ski yayang'ana kunja ngati phazi la bakha. Mdala anabwerera, anagwada, anawalitsa tochi pansi, anakhala chete nthawi yaitali kenako anatukwana mu Chifalansa. A-arm, mkono wachitsulo wolumikiza ski ku chasisi, inali bwinobwino, yowongoka ngati yatsopano. Chimene chinang'ambika ndi pamene A-arm imagwira pa bulkhead penipenipo, aluminiyamu anatseguka, bawuti ikulendewera ndi kachidutswa ka chitsulo.

Apa mvetsetsani achimwene chifukwa nkhani yonse ya chasisi ili pamenepa. A-arm ndiyo imayenera kufa. Imapangidwa kuti mukagunda chinthu iyo ipindike, muichotse ndi sipanala, muike ina, madola ochepa, Loweruka lotsatira muli mu trail. Bulkhead ndi mutu wa chasisi, ndi pamene pamakhala injini, chiwongolero ndi miyendo yonse yakutsogolo, ndipo ikang'ambika sled yonse amaiphwasula mpaka kutsala mafupa. Yangayo mkono unapulumuka, phewa n'kuthyoka. Ine ndimati pofuna kupepuza anadya chitsulo pamalo posayenera kudya, ndipo chaka chotsatira ndinaona ndi maso anga pa shopu yomweyo kuti ma sled atsopano a mtundu womwewo anali ndi kachitsulo kolimbitsa pamalo omwewo. Iwo ati sizikugwirizana. Eti.

Kuzizira kunali pansi pa -30. Sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji amene mwangobwera chaka chino, mpweya umakulumani m'mphuno, nsidze zimamatana. Kuti timange ski ija panafunika kuvula magolovesi, mdala anadula kamtengo ndi kasowo kamene amayenda nako, tinakagoneka pambali n'kumanga ndi ratchet strap ziwiri, ine ndagwira tochi iye akukoka, kenako kusinthana chifukwa zala sizipirira kupitirira mphindi ziwiri. Chitsulo cha ratchet chinandimata pa chala ngati guluu. Foni yanga inali pa 60 peresenti, ndinaitulutsa kuti ndione mapu, inazima m'manja momwemo. Kenako kuchotsa lamba wa injini, chifukwa sled yakufa simuikoka lamba ali pomwepo, ndipo mapanelo a m'mbali a chasisi zatsopanozi ndi othina, timakilipu ta pulasitiki tating'ono ngati ta chidole, kamodzi kanathyoka m'manja mwanga nditangokakhudza. Pa showroom pofunda timakilipu timeneto timaoneka anzeru kwambiri.

Ndiye kukokedwa. Injini ikazima zotenthetsa manja pa chiwongolero nazo zazima, ndinakhala pa sled yakufa ndikuwongolera ndi ski imodzi ndi theka, sinowo yense wochokera ku track ya mdala akundimenya kumaso, galasi la helmet lachita chisanu mkati moti ndinalitsegula kuti ndione, ndiye mphepo n'kumalowa. Tinayenda ngati nkhono, strap inamasuka kawiri, kawiri konse kutsika, kuvula magolovesi, kumanganso. Panafika pena ndinasiya kumva kuwawa kwa zala za kumanja ndipo ndinasangalala kuti zayamba kuchira, mdala nditamuuza anaimitsa pompo, anandivula golovesi, nsonga za zala zitatu zayera ngati kandulo. Anatsegula jekete yake n'kulowetsa dzanja langa m'khwapa mwake. Bambo wamkulu ine, wa ana atatu, ndaima pakati pa nkhalango usiku dzanja lili m'khwapa mwa mzungu wa zaka 60, ndikulira ngati mwana pamene magazi anayamba kubwerera. Ndinaganiza za mayi anga ku Ntcheu kuti adzawauza chiyani, kuti mwana wanu anapita ku Canada kukafera pa njinga ya pa sinowo ya ngongole? Tinatulukira pa msewu usiku kwambiri, akazi anga anali ataimba kale paliponse, ndipo mpaka lero zala zitatuzo zikamva kuzizira ndi zimene zimayamba kudandaula.

Koma chimene chinandipweteka kuposa chisanucho ndi Lolemba lake. Ndafika pa shopu, bwana wa service wangosuzumira kamodzi, osagwada n'komwe, akuti izi ndi impact, waranti sikhudza. Ndinati bwana, A-arm bwanji sinapindike? Akuti mwina munagunda mwa ngodya yachilendo. Ngodya yachilendo! Munthu yemweyo amene mu March ankandiitana "my friend" n'kumandigwira paphewa, tsopano akuyang'ana pa kompyuta ngati sanandionepo. Ndinapita ku inshuwalansi, ndinalipira gawo langa, ndiye kudikira sipeya. Chasisi yatsopano ilibe masipeya achimwene, fakitale imakhala ikuthamangitsa kupanga ma sled athunthu oti agulitse, kwa ogulitsa zakufa kulibe chifukwa palibe yafa, makampani ena opanga zolimbitsa sanayambe n'komwe kuyeza. Bulkhead inafika sinowo atasungunuka. Nyengo yonse ndinakwera maulendo atatu, ngongole miyezi 12. Ndipo anandilipiritsa storage. Storage! Pa sled imene ikudikira sipeya yawo yomwe. Apo ndinatokota mpaka makasitomala ena anatuluka panja.

Tsono za mphekesera za chasisi yatsopano zimene mukuzimvazi. Ine ndimaziwerenganso, musaone ngati ndinasiya, usiku ndimakhala ndikuyang'ana zithunzi za ma patent ngati ndimamva. Mukawerenga zaka mumaona kuti anthuwa ali ndi kayendedwe kawo. Ski-Doo inatulutsa REV mu 2003, ija inasunthira wokwera kutsogolo n'kusintha masewera onse, kenako XP mu 2008, Gen4 mu 2017 pamodzi ndi injini ya 850, Gen5 mu 2023. Polaris anabwera ndi AXYS mu 2015, Matryx mu 2021. Arctic Cat anakhala pa ProCross kuyambira 2012 mpaka Catalyst ya 2024, imene anataya tcheni n'kuika lamba, poyamba ndi injini ya 600 kenako 858. Ndiye aliyense wodziwa kuchotsera manambala akhoza kulosera kuti wotsatira kusintha mafupa ndi ndani, zaka 6 zikakwana anthu amayamba kunong'ona, sipafunika msuweni wogwira ntchito ku fakitale ya Polaris ku Roseau kapena ya Ski-Doo ku Valcourt ayi. Aliyense pa intaneti ali ndi msuweni ku Valcourt.

Koma ine maganizo anga ndi oti nthawi ino asakunamizeni, ndalama zopangira chasisi kuchokera pansi zachepa. Dzinja la 2023 mpaka 2024 munaliona nokha, udzu unkaoneka mu January, ma trail ambiri kum'mwera kwa Ontario sanatsegulidwe bwino, ma sled anatsalira mulu m'mashopu ndipo mafakitale anachepetsa kupanga. Yamaha analengeza mu 2023 kuti akutuluka, 2025 ndiyo inali yomaliza, ndipo iwo kuyambira 2014 ambiri mwa ma sled awo ankakhala pa chasisi ya Arctic Cat yopangidwa ku fakitale ya ku Thief River Falls. Arctic Cat yomweyo eni ake a nthawi imeneyo, a Textron, anaimitsa kupanga kenako anaigulitsa mu 2025. Msika wotere kampani imaganiza kawiri. Chimene ndikuyembekezera ine ndi mapulasitiki atsopano, nyali zatsopano, sikirini yaikulu ngati TV, tunnel, chitsulo chophimba track, yofupikirapo pa za kumapiri, thupi lowonda kuti lisakhule sinowo mukapendeka, turbo kufalikira ku ma model ambiri, kenako adzaipatsa dzina latsopano n'kunena kuti chasisi yatsopano. Zamagetsi zija musaziwerengere kaye, Grand Touring Electric ya Ski-Doo inatuluka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndi ya pa malo a alendo imeneyo osati ya ku Abitibi.

Ndipo dzifunseni kuti kupepuka kumene akukuimbirani nyimboko ndi kwa ndani. Wa ku Revelstoke, kumapiri a ku British Columbia, amene akukwera phiri ndi track yotalika mainchesi 165, akutitimira kasanu pa tsiku n'kumaifukula yekha, kilogalamu iliyonse imamupweteka msana, ameneyo ali ndi chifukwa. Inu ndi ine tili pa trail yosalazidwa ndi groomer, track ya mainchesi 129 kapena 137 yatikwanira, chimene timafuna ndi mashoko abwino, galasi lalitali lotchinga mphepo, thanki yofika patali ndi chitsulo chimene chikakumana ndi chitsa chimapindika pamalo oyenera.

Ndiye langizo langa, gulani ya chaka chachitatu cha chasisi, kapena yotsalira ya chaka chatha imene dila akufuna kuichotsa pansi, mumunyengerere mpaka alire. Musanasaine gwadani pansi muone pamene A-arm yalumikizana, funsani mtengo wa bulkhead ndi masiku oti ifike, akayamba kukanda mutu tulukani. Gulani kachipangizo ka satellite kotumizira uthenga, ikani foni m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, ma strap awiri, kasowo, lamba wapadera, magolovesi opyapyala ovala mkati, ndipo musayende nokha kumtunda kuja ngakhale sled ikhale ya golide. Komanso yakale kwambiri musagule, ija ya mdala inatikoka inde koma sabata yotsatira inaphulika injini pa nyanja, sanandiuze msanga chifukwa cha manyazi.

Ngakhale kunena zoona, spring order ili ndi ubwino wake, nthawi zambiri waranti amawonjezera, mumasankha mashoko ndi mtundu umene mukufuna, ndipo ma model ena abwino kwambiri simungawapeze mukadikira December. Ija yanga itakonzedwa, mmene inkakhotera pa kona sindinakwerepo china chofanana nayo, ndinaigulitsa ndi ukali chabe ndipo pena ndimaisowa. Akatulutsa mu February chinthu cha 137 chokhala ndi kutsogolo kwatsopano ndithu, osati mapulasitiki okha, mwina mudzandipeza pa mzere, koma kwa dila wina, ndipo akazi anga asamve. Amene ali nawo pa gulu la amayi lija chonde musatumize screenshot.