Juzi ya amayi ilowe m'chikwama: yankho kwa achemwali a ku Chilomoni

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Chilomoni, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pompano poti nkhani yake ikukhudza makomo ambiri. Mng'ono wawo amakhala ku Cape Town, ndi woyembekezera, ndipo masiku ake akwana kumayambiriro kwa Novembala. Watumiza ndalama ya tikiti kuti amayi awo akamuthandize pa uchembere. Pa foni wawauza kuti, "Kuno ndi spring, musadzilemetse ndi zovala." Amayiwo atamva zimenezo alongedza zitenje, mabulauzi opyapyala ndi masilipasi, juzi akuti itsale. Achemwaliwa akufunsa kuti spring ameneyu ndi nyengo yanji pa Chichewa, amayi anyamule zotani, nanga anyamuke liti.

Achemwali, juzi ilowe m'chikwama. Akakana, adikireni agone, muilowetse pansi pa zitenje.

Mawu oti spring alibe mnzake weniweni pa Chichewa chifukwa ife chaka timachidula potsata mvula ndi khasu. Tili ndi dzinja, masika, chisanu cha Juni ndi Julayi, kenako chilimwe chimene chimafika pachimake mu Okutobala. Anzathu okhala kutali ndi mzere wa ikweta amachidula panayi potsata kuzizira ndi kutalika kwa usana, ndipo spring ndi nyengo yotuluka m'chisanu, mitengo ikamaphukira. Ku South Africa imeneyi ndi miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Amene mukukumbukira mabuku a Chingerezi a ku pulayimale onena kuti spring imayamba mu Malichi, amenewo ankanena za ku England, kumpoto kwa ikweta. Ife ndi South Africa tonse tili kumwera, ndiye Juni akamatizizira kuno, ukonso akunjenjemera. Apa m'pamene munthu amanamizika n'kuganiza kuti Novembala wa ku Cape Town ndi yemweyu wa pa Ginnery Corner, wotuluka thukuta ungokhala pamthunzi.

Blantyre ali pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa ikweta, Cape Town ali pa 34, kumapeto kwenikweni kwa Africa, nyanja yamchere itamuzinga. Mvula yawo imagwa nthawi yachisanu, makamaka Juni mpaka Ogasiti. Ife tikamayang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa, iwo amakhala akutsanzikana nayo mvula. Mu Novembala masana kumafunda bwino, madigiri 23 kapena 24, koma usiku amatsika mpaka cha m'ma 13. Munthu wochokera m'ng'anjo ya Blantyre, wogona mawindo ali pululu, madigiri 13 amawamva m'mafupa. Mng'ono wanuyo sananame. Iye wangotuluka m'chisanu cha mvula, ndiye kwa iye kwatentha. Amayi akuchokera kosiyana.

Koma chenicheni chimene ndikufuna mumve ndi mphepo.

Ine ndinapitako koyamba mu Novembala momwemo. Ndinanyamuka pa Chileka masana, phula likuchita kunyezimira ndi kutentha, nditavala shati ya manja aafupi, jekete nditalisiya pa msomali kunyumba chifukwa mnzanga wina anandiuza mawu omwewa a spring. Nditatuluka m'bwalo la ndege ku Cape Town madzulo, kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo, koma mphepo inandilanda kapepala ka adiresi m'manja n'kukaponya kutsidya kwa msewu. Mmawa mwake ndinaona mayi wina pa siteji ya basi, dzanja limodzi wagwira duku, lina wapanira siketi, jumbo ya buledi wailuma ndi mano. Palibe amene ankamuseka, aliyense anali pa nkhondo yake. Tsiku lomwelo ndinagula jekete la mtengo woti pa kaunjika wa mu Limbe ndikanagula atatu.

Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, ndipo eni ake amaitcha Cape Doctor, poti amati imasesa utsi ndi zonyansa za mumpweya n'kuzikankhira kunyanja. Amene munakhalako ku Mangochi kapena ku Nkhotakota mukuudziwa mwera, umene umaletsa asodzi kulowa m'madzi. Ndi mphepo ya mtundu womwewo, kungoti wathu umavuta miyezi yachisanu pomwe wawo umalimba kuyambira nyengo ya spring mpaka cha mu Malichi, ndipo ukhoza kuomba masiku atatu kapena anayi osapuma. Mphepoyi ikamakwera phiri la Table Mountain, chinyontho chimene yatenga panyanja chimasanduka mtambo woyera umene umayala pamwamba pa phirilo n'kumatsetserekera m'mbali ngati nsalu ya patebulo. Ndi wokongola, koma mukauona dziwani kuti lero si tsiku lochapa matewera n'kuyanika opanda mapegi.

Funsani mng'ono wanuyo dera limene akukhala, chifukwa mphepoyi sigunda mofanana. Madera a kuchigwa cha mchenga chotchedwa Cape Flats, monga Khayelitsha ndi Mitchells Plain, komanso cha ku Muizenberg, imabwera ndi mchenga wolowa m'maso ndi m'ndiwo momwe. Kwina kobisika kuseri kwa phiri kumakhala kwabata tsiku lomwelo. Kulikonse kumene ali, amayi atenge juzi imodzi yochindikala, jekete lotchinga mphepo, masokosi, nsapato zotseka ndi mpango wa m'khosi. Zitenje atenge ndithu, nanga mwana akamubereka ndi chiyani, koma mkati azivala kabudula wothina uja kapena siketi yolemerako. Chitenje chongokulunga m'chiuno mphepo ya uko siichitira ulemu, ngakhale chitavalidwa ndi amayi a mvano.

Chinthu china chimene chinandisokoneza ndi dzuwa. Wotchi sasintha, nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Koma kuno mu Novembala dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, pomwe ku Cape Town kumapeto kwa mweziwo limalowa cha m'ma hafu pasiti 7, ndipo 8 koloko kumakhala kukuonekabe. Amayi athu amene sateleka mphika wa nsima mpaka nkhuku zitalowa m'khola akhoza kudyetsa mchembere 9 koloko usiku. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, muwauze kuti azitsata wotchi, asamayang'ane kunja. Mankhwalawo atenge okwanira ulendo wonse, ali m'mapaketi ake, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo akhale m'kachikwama ka m'manja. Dzuwalo limawotchanso mobisa chifukwa mphepo imakunamiza kuti kwazizira. Milomo imang'aluka, khungu limatuwa. Kabotolo ka Vaseline n'kofunika kuposa mabulauzi atatu owonjezera.

Nyanja musaiyerekeze ndi ya kwathu. Kumbali ya Atlantic, ku Camps Bay ndi Clifton, madzi amazizira moti ukangoviika phazi umamva ngati wapondera mu fuliji. Chodabwitsa n'choti mphepo ija ikalimba m'pamene amazizira kwambiri, chifukwa imakankhira madzi ofunda a pamwamba kutali ndipo ozizira a pansi amakwera. Kumbali ya False Bay, ku Muizenberg, amafundirako pang'ono. Amayi akafuna kujambulitsa ataima m'madzi kuti adzaonetse anzawo a kumpingo, akaime kumeneko, pakati pa mbendera zimene opulumutsa anthu amazika, madzi osapitirira m'mawondo.

Ndikudziwa kuti akupitira mwana, si alendo okaona malo. Komabe zingandiwawe atabwerako atangoona khitchini ndi chipatala. Mng'ono wanu akapeza mpata, kapena apongozi aamunawo akakhala pa ofu, lamulo lake ndi limodzi: tsiku loyamba limene kwacha bata, phiri lili poyera, apite tsiku lomwelo. Asanene kuti tidzapita Loweruka. Kangolo ka pachingwe kokwera Table Mountain, kamene kanayamba kuyenda mu 1929, amakaimitsa mphepo ikakula, ndipo maboti opita ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, nawonso amalephereka nyanja ikawinduka. Ine ndinataya masiku awiri chifukwa chozengereza, la chitatu mtambo uja unali utayala kale.

Kanthu kena kosangalatsa n'kakuti pamwamba penipeni pa Table Mountain ndi mamita 1,086 kuchokera pa nyanja. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita oposa pang'ono 1,000. Ndiye kuti amayi akadzafika pamwamba pa phiri lotchukalo adzakhala atangofanana ndi pakhonde pawo ku Chilomoni, ndipo Michiru amene amamuona tsiku lililonse akuanika zovala ndi wamtali kuposa pamenepo. Kusiyana kwake n'koti lawolo limadzuka kuchokera m'madzi n'kuima njo ngati khoma.

Maluwa otchuka a m'tchire a ku West Coast sadzawapeza, amatha mu Seputembala. Anamgumi a ku Hermanus amakhala akutsanzika, mwina akhoza kuona mmodzi kapena awiri. Mbalame zoyenda chilili zija za penguin ku Boulders Beach, pafupi ndi Simon's Town, zimakhalapo chaka chonse, ndipo munda wa maluwa wa Kirstenbosch umakhala utabiriwira. Kwa munthu wamkulu wa mawondo ovuta, Kirstenbosch ndiye ndingasankhe, ali ndi mabenchi.

Za ulendo. Pa ndege ndi maola awiri ndi pang'ono kuchoka pa Chileka kufika ku OR Tambo ku Johannesburg, kenako ena awiri kufika ku Cape Town. Johannesburg ndiye amafanana nafe, mvula yake ndi ya miyezi yomweyi, ndipo mu Novembala kumagwa ya mabingu masana, nthawi zina ya matalala, moti ndege zimachedwa. Musawagulire matikiti opanikizana, asiyireni maola atatu pakati, poti ayenera kudinditsa pasipoti pamenepo, ndipo bwalo lake ndi lalikulu loti munthu wachilendo amasokera. Pogula tikiti pemphani kuti adzawathandize ndi njinga ya olumala ngati kuyenda mtunda kumawavuta, palibe chamanyazi. Ngati ndi pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka pa Park Station, dziwani kuti Novembala ndi mwezi woipa pa njira imeneyo. Ku Tete ndi ku Beitbridge kumatentha ngati ku Nsanje, mizere ya pachipata ndi yaitali, ndipo usiku mpweya wozizira wa m'basi umaluma. Ukafika ku Joni patsalabe makilomita pafupifupi 1,400. Kwa mayi wa zaka zawo, ngati ndalama ilipo, akwere ndege.

Apa ndiye mutchere khutu. Pasipoti ya Malawi imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30. Uchembere sutha masiku 30, tonse tikudziwa, ndipo mng'ono wanu adzalira kuti amayi tsalani sabata ina, mchombo wangogwa kumene. Koma munthu akapitiriza masiku, potuluka amamulemba kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati aposa pamenepo. Agogo oletsedwa kukaona mdzukulu zaka 5 chifukwa cha masabata owerengeka! Akangodinda pasipoti, ayang'ane tsiku limene alembapo, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepera 30, ndipo ajambule tsambalo akutumizireni pa WhatsApp. Pasipotiyo ikhale ndi masamba osadinda, isakhale yotsala pang'ono kutha, ndipo tikiti yobwerera ikhale m'manja.

Chifukwa cha masiku 30 amenewa, ine sindingawatumize mwana asanabadwe. Mwana woyamba amachedwa, amayi akhoza kudya masabata awiri akungoonera TV. Adikire uthenga, anyamuke cha pakati pa Novembala, abwerere pakati pa Disembala pasanafike. Ikafika nthawi imeneyo sukulu za uko zimakhala zitatseka, anthu a ku Joni amakhamukira kunyanja, a kwathu amakhamukira kumudzi, ndipo mitengo ya matikiti imapenga.

Za kamba, ndikudziwa kuti mng'ono wanu watumiza kale mndandanda: mpunga wa Kilombero, Nali, ufa woyera, usipa. Zomata za m'sitolo sizivuta kwenikweni. Nsomba zouma, nyama, mbewu ndi zipatso zili ndi malamulo ake pachipata ndipo akhoza kuwalanda, komanso usipa ukagona m'chikwama chimodzi ndi juzi, mchembere adzaumva kwa mwezi wathunthu. Chaja ya foni yawo sikalowa pakhoma la uko. Mapulagi athu ndi a mano atatu a makona, awo ndi a mano obulungira, ndiye mng'ono wanu agulire adaputa asanafike.

Chomaliza simunafunse, koma ndikukhulupirira kuti n'chimene chikuwasowetsa tulo amayi kuposa juzi. Pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala ndi pamene mvula yodzalira imagwa kuno kumwera. Ngati ali ndi kamunda kumudzi kapena kuseri kwa phiri, thupi lidzakhala ku Cape Town koma mtima uli m'mizere. Konzani zimenezi asananyamuke. Mizere ithe, mbewu ndi feteleza zikhale m'nyumba, waganyu apatsidwe yoyambira, ndipo mugwirizane kuti amene adzanene kuti "mvula iyi ndi yodzalira" ndani, poti amayi sangadzaiyeze pa foni. Tsiku lodzala muwajambulire kavidiyo, muonetse dothi lonyowa ndi mapando, apo ayi adzakuimbirani katatu pa tsiku ndi mayunitsi a mng'ono wanu.