Kalata imodzi ikuoneka kawiri mu Outlook: musafufute musanaone malamulo anu

Mayi wina amene amalemba mabuku a ndalama pa sitolo yogula mbewu ku Ulónguè, m'boma la Angónia, wanditumizira funso pa imelo. Ndalifupikitsa. Akaunti ya sitoloyo ndi ya Gmail, koma iwo amaiwerengera mu Outlook pa kompyuta ya mu ofesi, pamene abwana awo amaiwerengera pa foni. Chikonzereni malamulo oti makalata azidzilowera okha m'mafoda (ya ogula a ku Tete, ya ma fatura kapena kuti mapepala olipiritsa, ya eni malole), makalata ena akumaoneka awiri, ena atatu. Anangotsala pang'ono kukweza mbatatesi kawiri kupita kwa wogula mmodzi wa ku Moatize poyesa kuti maoda ndi awiri. Akufunsa ngati ndi vairasi, komanso ngati angofufuta obwerezawo.

Mayi, za vairasi ziikeni pambali. Koma chonde musafufute kalikonse kaye, ndipo chifukwa chake nachi.

Gmail ilibe mafoda enieni. Ili ndi zizindikiro zomata pa kalata, zimene pa Chipwitikizi amalemba kuti etiquetas kapena marcadores. Zili ngati thumba limodzi la mbatatesi lomangiriridwa timapepala tiwiri, kena kolembedwa "Moatize", kena "fatura": thumbalo ndi limodzi basi. Outlook, ikamalankhula ndi Gmail kudzera pa IMAP (njira yolumikizira imene imaonetsa makalata ali ku Gmail komweko), chizindikiro chilichonse imachionetsa ngati foda, choncho kalata ya zizindikiro ziwiri imaoneka malo awiri. Palinso foda yotchedwa All Mail, imene imasunga makalata anu onse kupatula a mu Spam ndi otayidwa. Mukafufuza dzina la wogula m'mafoda onse, kalata yomweyo ituluka kachitatu kuchokera mmenemo. Tsono mukatenga imodzi mwa zitatuzo n'kuiponya mu Trash, mwaponya kalata yeniyeniyo. Isowa m'mafoda onse, ngakhalenso pa foni ya abwana, ndipo pakatha masiku 30 Gmail imaichotseratu. Ngati munayamba kale kufufuta, pitani mu Trash lero lomwe mukabweze.

Choyamba n'kudziwa ngati makalatawo alidi awiri. Tsekulani Gmail pa intaneti, osati mu Outlook, n'kufufuza oda ya ku Moatize ija. Ikatuluka imodzi yokha, yokhala ndi zizindikiro ziwiri pambali pa mutu wake, vuto ndi kaonetsedwe chabe. Zikatuluka ziwiri, tsekulani iliyonse, dinani timadontho titatu kumanja, musankhe Show original, kapena Mostrar original ngati Gmail yanu ili m'Chipwitikizi. Pamwamba pali mzere wolembedwa Message-ID. Imeneyi ndi nambala imene kalata imapatsidwa ikamachoka kwa mwini wake. Zikasiyana, kawirikawiri ndiye kuti wotumizayo anatumizadi kawiri, monga zimachitikira munthu akaona netiweki ikuzungulira n'kudinanso. Apo malamulo anu alibe mlandu. Muimbireni foni mumve ngati akufuna lole imodzi kapena ziwiri.

Ine ndikukayikira kwambiri malamulo a mu Outlook, chifukwa mwanena nokha kuti zinayamba mutawakonza. Outlook imayendetsa malamulo motsatira mndandanda, kuyambira pamwamba kutsika, ndipo kalata ikagwidwa ndi lamulo loyamba sikuti yathana nawo enawo. Tiyerekeze kuti lamulo lanu loyamba likuti kalata yochokera kwa wogula uyu ipite ku foda ya Tete, lachiwiri likuti iliyonse yokhala ndi mawu oti "fatura" pa mutu ipite ku foda ya ma fatura. Wogulayo akalemba mutu woti "Fatura ya mbatatesi", malamulo onse awiri amugwira, ndipo Outlook imamvera onse: kalata ipezeka uku ndi uko. Lachitatu likakhala lonena za "lole" kapena "transporte", ndi zitatu zanu zija.

Mankhwala ake ali momwemo. Pitani pa File, kenako Manage Rules & Alerts; mu Outlook ya Chipwitikizi yang'anani pamene palembedwa Regras. Tsekulani lamulo lililonse, ndipo pa tsamba lofunsa chochita ndi kalata, chongani pamene palembedwa stop processing more rules, kutanthauza kuti lamulo ili likagwira, otsatira asakhudzenso. Kenako sanjani mndandandawo ndi timivi tokwezera ndi kutsitsira: lamulo lofunika kwambiri likhale pamwamba. Apa muyenera kuganiza ngati wolemba mabuku, osati ngati katswiri wa kompyuta. Fatura ya wogula wa ku Tete mumaifuna kuti mwezi ukatha? Ngati ndi m'foda ya ma fatura, lamulo limenelo likwere pamwamba pa la ogula.

Muli momwemo, werengani bwino mawu a lamulo lililonse. Pali ziganizo ziwiri zoyandikana zimene zimapusitsa anthu: move it to the specified folder, yosamutsa kalata, ndi move a copy to the specified folder, yosiya kalata pomwe inali n'kuika inzake ku foda. Mukachonga yachiwiriyi, kalata iliyonse izikhala mu Inbox ndi m'foda, ndipo kompyuta ikhala ikungochita zimene munaituma.

Musanasinthe chilichonse, dinani Options pa zenera lomwelo n'kusankha Export Rules. Mupeza kafayilo kothera ndi .rwz, kasungeni pa flash kuti mudzathe kubwezeretsa malamulowo. Mukatero mutha kuzimitsa malamulo onse pochotsa zochonga, kupempha munthu akutumizireni kalata yoyesera, ndiye muziyatsa limodzilimodzi mpaka lolakwa lidziulule.

Funsaninso abwana ngati sanakonze zosefera zawo (malamulo a Gmail osanjira makalata) mu Gmail momwemo. Zili pa Settings, pa Filters and Blocked Addresses. Sefa ya Gmail yomata chizindikiro popanda kuchonga Skip the Inbox imasiya kalata mu Inbox, ndiye mu Outlook ioneka malo awiri. Lamulo lanu la pa kompyuta likaigwiranso, malo achitatu. Pa tsamba loyandikana nalo, Forwarding and POP/IMAP, onani ngati makalata sakutumizidwa ku adilesi ina. Ngati abwana ali ndi imelo yawoyawo imene imalandira zonse za sitolo, kwinaku sefa ikutumizanso komweko, kapena maakaunti onse awiri anaikidwa mu Outlook imodzi, mukafufuza muzipeza ziwiri. Mukapeza adilesi yachilendo imene palibe akuidziwa pa ofesipo, imeneyo ndi nkhani ina yoopsa kuposa iyi: ichotseni, musinthe pasiwedi nthawi yomweyo, chifukwa akuba a ma fatura amatero kuti aziwerenga makalata n'kudzasintha nambala ya akaunti yolipirira.

Maganizo anga ndi oti malamulo azikhala malo amodzi, ndipo kwa inu malowo ndi Gmail. Pa akaunti ya IMAP kapena POP, malamulo a Outlook amagwira ntchito pokhapokha kompyuta ili yoyaka ndipo Outlook ndi yotsekula. Magetsi akathima, kapena Lamlungu ofesi ili yotseka, abwana amaona oda mu Inbox pa foni n'kuiyankha. Apo odayo imakhala isanalowe m'foda yake. Sefa ya Gmail imagwira ntchito ku maseva (makompyuta osunga makalata) a Google kalata ikangofika, ndipo nonse awiri mumaona zofanana. Zosefera zitatu kapena zinayi zikukwanirani. Foda ya All Mail mutha kuibisa ku Outlook pochotsa chochonga cha Show in IMAP pa tsamba la Labels.

Kwa ena owerenga amene akaunti yawo inaikidwa ndi POP, njira yakale yokokera makalata pa kompyuta: onani pa Account Settings, mtundu wake walembedwa pambali pa adilesi. POP, mmene inalembedwera mu 1996, imachotsa makalata ku seva pokhapokha kukambirana kukatha bwinobwino mpaka kutsanzika. Netiweki ya Movitel kapena Vodacom ikadukira pakati, zimene sizachilendo kumidzi ya Tsangano ndi Macanga nthawi ya mvula, makalata amatsala ku seva ndipo nthawi zina amakokedwanso. Amenewo ndi obwereza enieni okhala pa kompyuta panu, ndipo amadya mamega kawiri. Ikaninso akauntiyo ndi IMAP, pa doko (port) 993.

Ngati obwereza ali mu Sent mokha, n'chifukwa Gmail imasunga yokha kalata iliyonse yotumizidwa, Outlook n'kusunganso yake. Pa zokonzera za akauntiyo chongani Don't save copies of sent items.

Makalata akale aja, Mayi, muwakonzere mu Gmail pa intaneti. Tsekulani kalata, dinani kamtanda kali pa chizindikiro chosafunikacho, chichoka kalata n'kutsala. Ndipo lole isanakwezedwe, yerekezani nambala ya oda ndi imene ili m'buku lanu.